Zala zathu zatopa ndi inki

Kwa akuluakulu a sukulu yophunzitsa madokotala, kudzera mwa aphunzitsi amene amabwera ndi ophunzira kuno kwathu.

Kalatayi tailemba ife a komiti ya chipatala chathu chaching'ono kuno m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, pamodzi ndi nyakwawa za midzi yozungulira, amayi a gulu la uchembere wabwino, ndi asodzi awiri amene anzawo a kudoko anawatuma. Tinakhala masiku awiri pansi pa mtengo wa mango wa pasikelo, aliyense n'kumatula za kukhosi, mlembi wathu n'kumalemba. Mukapeza mawu ena akuthwa, musati n'chipongwe. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo ife m'mimbamu mwatipota zaka zambiri.

Uthenga wanu tinaulandira woti ana anu akubweranso mwezi wamawa. Mwapempha kuti tiwasesere nyumba, tiwapezere anthu owaperekeza m'midzi, ndipo mafumu amemeze anthu. Zimenezi takhala tikuchita chaka ndi chaka popanda kuwiringula. Chaka chino tati tiyambe kaye tayankhula.

Sitingayambe ndi kudandaula ngati anthu osayamika. Ana anuwo ndi aulemu, ambiri a iwo. Amadya nafe nsima ya matemba osanyinyirika, amakhala pamphasa, ndipo agogo akamayankhula amadikira kuti amalize. Ndi iwo amene anatsutsa poyera zimene makolo athu ankanena, zoti mnyamata akayamba kukodza magazi ndiye kuti wakula. Anatiuza kuti amenewo ndi matenda a likodzo, kuti tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odikha momwe ana athu amasambira ndi kuwedza, ndipo kuti mankhwala ake alipo. Ndi iwonso amene anapima ndi mapazi mtunda wa pakati pa chitsime ndi chimbudzi cha pamsika, n'kutionetsa kuti tikumwa zathu zomwe. Mpondagiya amene mumamuona pakhomo lililonse kunja kwa chimbudzi tinaphunzira kwa iwo ndi kwa alangizi a zaumoyo. Pali mtsikana wina, wamfupi, woyankhula Chichewa cha kumpoto, amene anachezera usiku wonse akuunikira anamwino ndi tochi ya pafoni pamene mayi wina ankasokedwa atachira. Amayi kuno mpaka lero amamufunsa. Ngati anamaliza sukulu, mumuuze kuti mwana uja tsopano ali sitandade 3.

Ifenso tinachitapo mbali yathu, ndipo tikukumbutseni. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, anthu anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo ngakhale a United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena. Nthawi imeneyo mlendo wonyamula chikwama ndi timabotolo ta magazi anali pakamwa pa imfa. Ana anu atabweranso zinthu zitazizirako, achinyamata ena anali atatola kale miyala. Agulupu anaimirira pakati pa msewu n'kunena kuti wofuna kugenda ana amenewa ayambe wagenda iwo. Ife a komiti tinayenda khomo ndi khomo kulumbira kuti magaziwo akupita kokayezedwa, ndipo mayankho abwera. Tinalumbira pa dzina lanu. Mayankhowo mpaka lero sitinawaone, ndipo amene tinawalumbirira aja sanaiwale.

Dandaulo lathu loyamba ndi limenelo. Chaka chilichonse ana anu amabwera ndi mafomu. Mumagona anthu angati m'nyumba muno? Neti muli nayo? Munagonamo usiku wathawu? Mwana womaliza munachirira kuti? Mwadya kangati dzulo? Pali ana angati amene anamwalira? Funso lomalizali amafunsa mwaulemu ndithu, koma mayi akayankha amatsala akulira, wofunsayo ali kale pakhomo lina. Tapereka mikodzo m'timabotolo, tapereka chimbudzi cha ana, tabayidwa pachala, tayezedwa mkono ndi kachingwe ka mitundu itatu. Amene sitidziwa kulemba tadinda chala, ndipo mayi wina wachikulire anati pamsonkhano wathu, iye chala chake chamanthu chadinda mafomu a sukulu yanu kuposa kuvota, kulandira makuponi ndi kulembetsa chiphaso cha unzika kuphatikiza pamodzi. Anthu anaseka, koma iye sanaseke.

Pafomu iliyonse pamakhala mawu amene amatiwerengera mokweza, oti zotsatira za kafukufukuyu tidzauzidwa. Ndani anabwerako kudzatiuza? Mnyamata wathu wina amene ali pasukulu ya uphunzitsi m'tauni anapeza pa intaneti chikalata cha Chingerezi chokhala ndi mapu a dera lathu lino, mtsinje wathu, doko lathu, zonse. Anatiwerengera pafoni n'kumamasulira. Mmenemo ndi mmene tinamvera koyamba kuchuluka kwa ana athu amene anapezeka ndi likodzo ndi amene ali ndi magazi ochepa. Azungu a kutsidya kwa nyanja anadziwa za m'mimba mwa ana athu ife makolo tisanadziwe. Tikumvetsa kuti mayina a anthu amabisidwa, ndipo n'zoyenera. Koma kubisa dzina ndi kwina, kubisa yankho ndi kwina. Pepala limodzi lokha la m'Chichewa, lomata pakhoma la chipatala, likanatikwanira. Tikanapita nalo ku komiti ya chitukuko ya dera, tikanalionetsa kwa akhansala, tikanati onani, si ife tikunena, ndi madokotala.

Zaka zapitazi munabweranso ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Agogo anafola mzere wautali, ena anachokera kutsidya kwa dambo. Ambiri anauzidwa kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, kuti achepetse mchere, ndipo apite kuchipatala cha boma akayambe mankhwala. Analandira kapepala. Akuluakulu, kuchokera kuno kukafika kuboma munthu amakwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ulendo umodzi umadya ndalama imene banja likanagulira chakudya cha masiku angapo. Mankhwalawo ndi a mwezi ndi mwezi, moyo wonse. Pachipatala chathu pano amapezeka mwezi uno, mwezi wamawa palibe. Ndiye agogo aja anabwerera kunyumba ndi dzina la matenda, opanda mankhwala. Kale ankagona tulo osadziwa kanthu. Tsopano mutu ukangowawa amati basi, nthawi yakwana. Mkulu wina wa mpingo amene anayezedwa tsiku lija anafa ziwalo mbali imodzi chaka chotsatira, kapepala kaja kali m'Baibulo. Sitikunena kuti kuyeza n'kolakwa. Tikufunsa kuti pamene munkakonza zodzayeza, za mankhwala munakambirana ndi ndani?

Tsopano tifike pa nkhani imene yatiwawa kwambiri, chifukwa pamenepa mpamene tinakukhulupirirani ndi mtima wonse.

Aphunzitsi anu anatisonkhanitsa m'kalasi la pasukulu ya pulayimale kwa sabata yathunthu. Anatiphunzitsa kuti chipatala si cha adokotala, n'chathu. Anatiwerengera ndime 13 ya malamulo aakulu a dziko lino, pamene boma linalonjeza kupereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo, ndi ndime 30 yonena za ufulu wa chitukuko. Anatiuza kuti mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti pa K100 iliyonse ya ndondomeko ya chuma K15 izipita ku zaumoyo, ndipo kuti dziko lathu zaka zambiri silifikapo. Anatifotokozera za mphamvu ku anthu, kuti chiyambire 1998 makhonsolo ndiwo ayenera kumva zofuna za anthu kuchokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi kukwera mpaka kwa bwanamkubwa. Anatiuzanso kuti kuyambira mu 2020 lamulo likutilola kufunsa ofesi ya boma kuti itionetse mapepala. Anati galimoto ya mankhwala ikabwera tizikhalapo, tiziwerenga makatoni, tizisayina. Tinatuluka m'kalasimo mitu ili m'mwamba. Ena a ife chibadwire tinali tisanamvepo kuti munthu wa kumudzi angafunse funso kwa munthu wovala zoyera.

Ndipo tinachitadi. Tinawerenga makatoni. Tinaona kuti LA amene walembedwa papepala ndi amene watsitsidwa sakufanana. Tinaona mankhwala a chizindikiro cha boma akugulitsidwa pabenchi kumsika wa kudoko, pafupi ndi sopo ndi machesi. Tinalemba kalata monga munatiphunzitsira, tinasayina tonse, tinakaipereka.

Zimene zinatsatira inu simunazione, chifukwa minibasi yanu inali itanyamuka kale. Amayi apampando athu atadwala, buku lawo la kuchipatala linkaikidwa pansi pa mabuku onse, n'kuonedwa dzuwa litapendeka. Mlembi wathu anauzidwa pamaso pa anthu kuti popeza iye ndi wodziwa kuwerenga mankhwala, adzilembere yekha. Patapita miyezi iwiri adokotala athu anasamutsidwa, kaya chifukwa cha kalata yathu kaya chifukwa china, ndipo wolowa m'malo sanabwere mpaka mvula inagwa n'kusiya. Nthawi yonseyo namwino yekha ndiye ankaona odwala, kuchiritsa amayi ndi kugawa mankhwala. Mudzi wonse unatitembenukira. Pamaliro anthu ankatilozerana ndi milomo, amvekere awo ndi amene anathamangitsa dokotala. Tinaimba nambala imene aphunzitsi anatisiyira. Anayankha mwaulemu kuti gulu lija linamaliza gawo lake la kumudzi, ndipo nkhaniyi tiipititse ku ofesi ya zaumoyo ya boma, komwe kalata yathu inali itagona kale. Munatikankhira bwato pakati pa nyanja, nkhafi n'kupita nazo.

Tinene pano kuti adokotala a kumudzi sitikuwada. Timawatcha adokotala ngakhale tikudziwa kuti maphunziro awo ndi a zaka zochepa poyerekeza ndi a ana anu. Munthu mmodzi amaona khamu la odwala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, usiku timakamugogodera, Lamulungu timakamutulutsa m'tchalitchi, nyumba yake ikudontha, ana ake akuphunzira pansi pa mtengo ngati athu. Munthu wotero akapsa mtima sitidabwa. Wakuba mankhwala mwina sanali iyeyo n'komwe, mwina makatoniwo anachepera m'njira. Ife tilibe mphamvu yofufuzira zimenezo. Inu muli nayo. Kalata yokhala ndi chidindo cha sukulu yanu ikafika pa tebulo la bwana imawerengedwa tsiku lomwelo. Yathu, yolembedwa papepala long'amba m'kope la mwana, imakhala poikira kapu ya tiyi.

Timakumvani pawailesi. Timamva kuti mwachititsa msonkhano waukulu kuhotela ya kunyanja wokambirana za umoyo wa anthu a kumudzi, nduna yatsegulira, akatswiri ayankhula. Mawu ake amakhala abwino, ndipo sitikukayika kuti mumanena kuchokera pansi pa mtima. Koma anthu a kumudziwo amakhala kuti? Kamodzi kokha munaitana amayi apampando athu. Anabwerako ndi chikwama cha nsalu, cholembera ndi botolo la madzi. Tinawafunsa kuti mwakanena zotani, iwo anati msonkhano wonse unali m'Chingerezi, anakhala kumbuyo, ndipo nthawi yokhayo imene anaitanidwa kutsogolo inali yojambulitsa. Chithunzicho ana anachiona pa Facebook, amayi ali pakati pa mabwana, chitenje chatsopano, akumwetulira. Pansi pake panalembedwa kuti anthu a kumudzi akutenga nawo mbali. Alendo akabwera kuno ndi magalimoto a mbendera, amayi athu mumawapempha kuti avine ndi kuimba nyimbo za uchembere wabwino. Amavina ndithu, fumbi koboo. Ikafika nthawi ya zoyankhula, amayankhula agulupu mphindi ziwiri zolandira alendo, kenako mabwana okhaokha mpaka Fanta atatuluka. Amayi amene amavinawo ndi omwe anagonapo pasimenti ya kuchidikiro. Mukanawapatsa chimkuzamawu mphindi zisanu zokha, alendo akanabwerera ndi nkhani ina.

Nkhani yake ndi iyi. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi. Mafumu anakhazikitsa malamulo oti mayi akachirira pakhomo kapena panjira, banja lilipe mbuzi kapena ndalama. Ana anu anatithandiza kufotokozera anthu ubwino wake, ndipo tinamvera. Amayi tsopano amapita kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, atasenza ufa, nkhuni, beseni, zitenje, lezala, pepala lakuda loyala pabedi, ndi kandulo. Inde, kandulo, chifukwa mabatire a sola anafa kalekale. Kumeneko amagona pansi mothithikana, denga likudontha, madzi akukatunga kumjigo wa kusukulu mimba ili kutsogolo. Kunyumba asiya ana ndi munda nthawi yopalira. Aphunzitsi anu anatiuza kuti imfa za amayi zatsika, kuti mu 2004 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira amayi 984, mu 2010 anali 675, ndipo pofika 2016 anali 439. Tinaomba m'manja, chifukwa n'zoonadi kuti maliro a amayi oyembekezera achepa poyerekeza ndi kale. Koma amene akumwalirabewo akumwalira kuti? Akumwalira m'misewu ngati wathu uno.

Mvula ya chaka chatha mtsikana wa m'mudzi wa kumunsi anachita zonse zimene munatiphunzitsa. Sikelo anayamba msanga, bambo wake wa mwana anamuperekeza, kuchidikiro anakhala masabata atatu. Anachira bwinobwino cha m'ma 9 koloko usiku, mwana wamwamuna. Kenako magazi anakana kusiya. Anamwino anachita zonse zimene akanatha, anabaya jakisoni, anaika diripi, anaimba foni kuboma. Yankho linali loti ambulansi ilipo koma mafuta palibe, abale agule. Usiku umenewo mwamuna wake anayenda khomo ndi khomo, anapinyolitsa njinga, ndalama inatumizidwa pafoni. Ambulansi inanyamuka, n'kudzaima kutsidya kwa mtsinje chifukwa mlatho unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 ndipo pamalopo pali mitengo yoyala basi. Tinamunyamula pamachira, amuna asanu ndi mmodzi, madzi ali m'chiuno, anamwino atakweza diripi m'mwamba. Anatsirizikira pamchenga wa kutsidya, nyali za ambulansi zikumuunika.

Patapita masiku atatu kunabwera galimoto yoyera, yodzaza mafuta, inazungulira njira ya kumtunda, ndi anthu asanu odzafufuza chimene chinapha mayiyo. Anali ndi fomu. Amayi ake a malemu anadinda chala.

Akuluakulu, chimene chinamupha tonse tikuchidziwa, ndipo ana anu analemba m'malipoti awo zaka zingapo zapitazo: msewu, mlatho, mafuta, magazi osungidwa kutali. Malipotiwo anachongedwa, ana anakhoza mayeso, ena lero ndi madokotala akuluakulu. Kodi lipoti limodzi lokha linafikako pamsonkhano wa khonsolo pamene amagawa ndalama za chitukuko? Kodi mphunzitsi mmodzi anaimirirapo pamaso pa aphungu a komiti ya zaumoyo ku Lilongwe n'kutchula mlatho wathu? Ngati zinachitika, tiuzeni, tipepesa.

Asodzi atipempha kuti tisaiwale zawo. Iwo amakhala miyezi pa zimbowera pakati pa nyanja, madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi ndi momwemo. Amakumbukira kuti mu 2016 katemera wa kolera anawafikira komweko pamadzi, ndipo m'malo ena anawasiyira wachiwiri kuti adzamwe okha. Akuti pamenepo anaona kuti boma ndi madokotala akafuna, njira imapezeka. Kolera ija itayamba ku Machinga mu March 2022 n'kufalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700, kuno tinaika maliro motsatizana, opanda kusambitsa, opanda nsima ya pamaliro. Chaka chimenecho ana anu sanabwere, ndipo chotsatira chakenso msewu unali utaduka. Sitikukudzudzulani posunga ana a eni. Nafenso tikanakhala makolo awo tikanatero. Koma alangizi a zaumoyo anatsala okha ndi ndowa ya klorini ndi mapaketi a Thanzi owerengeka, akupalasa njinga m'matope. Boma limati mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000. Wathu wa kudoko midzi yake sangaizungulire pa sabata imodzi. Foni imodzi yochokera kwa inu yofunsa kuti kodi muli bwanji kumeneko, mukusowa chiyani, tikayankhule kwa ndani, ikanatilimbitsa mtima. Pamene dziko la America linaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, achinyamata amene ankayeza magazi ndi kulondola anthu osiya ma ARV anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Za izonso tinangomva kuti mwakambirana pamsonkhano.

Pali funso lina limene nyakwawa ina yachikulire inafunsa, tonse n'kukhala chete. Inati, ana amenewa takhala tikuwalandira kuyambira ndili ndi mano onse, kodi mmodzi yekha anabwererako kudzagwira ntchito kuno? Palibe. Dziko lino linayamba kudziphunzitsira lokha madokotala mu 1991. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, 84 tikukhala kumudzi. Koma dokotala weniweni timamuona akadali mwana wa sukulu, akudzaphunzirira pa ife. Akangovala chipewa chija, kumuonanso ndiye kuti watumizidwa kuchipatala chachikulu, ndipo nthawi zambiri wopita kumeneko sabwerera ndi mapazi ake. Timamvanso kuti ena akamaliza amakhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe ntchito, ena n'kutopa n'kupita kunja. Ndiye kuli madokotala opanda odwala m'tauni, kuno odwala opanda dokotala. Sitikuwada anawo. Ndani angabwere ndi banja lake kumene kulibe magetsi, nyumba yabwino, ngakhale chipinda chochitira opaleshoni? Koma amene angauze boma mosaopa kuti limange zimenezo ndi kulemba anthu ntchito ndinu, chifukwa ndinu amene munaphunzitsa akuluakulu ambiri amene akhala m'maofesi a zaumoyo lero. Mwana sakana kuyankha foni ya mphunzitsi wake.

Nanga ana athu? Mwa ophunzira onse amene agonapo m'nyumba imene timakuseseraniyi, timawafunsa kumene anaphunzira sekondale. Amatchula sukulu zogonera komweko, za boma zikuluzikulu, za mishoni, za pulaiveti. Sitinamvepo wotchula sukulu yoyendera ngati yathuyi, kumene mwana amalemba mayeso a Fomu 4 a sayansi asanagwirepo botolo loyesera, ndipo makina oonera tizilombo anangowaona pachithunzi cha m'buku limodzi la kalasi yonse. Tili ndi mtsikana kuno amene ankatsatira ana anu kulikonse, kuwanyamulira sikelo, kuwamasulira Chilomwe ndi Chiyao kwa agogo. Masamu ankakhoza kuposa anyamata onse. Ana anu anamuuza kuti limbikira, udzakhala dokotala. Anakhoza ndithu, koma mapointi ake sakanapikisana ndi a ana a sukulu zokhala ndi zipangizo. Lero akugulitsa matemba kudoko, mwana kumbuyo. Mwana wotereyu akanaphunzira, sakanafunsa kuti kumudzi kuli netiweki kapena ayi. Amayi ake ali konkuno. Mukamakamba za kusowa kwa madokotala kumudzi, mumayang'ana mmene mungakakamizire ana a m'tauni kubwera kuno. Yang'ananinso mmene mungatsegulire chitseko ana a kuno. Ophunzira anu akabwera, Loweruka limodzi atapita kusekondale yathu ndi makina amodzi oonera tizilombo, aphunzitse ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, chimenecho chingakhale chinthu chooneka chimene asiya.

Mwina mudzati ntchito yanu ndi kuphunzitsa, simumanga milatho, simugula mafuta a ambulansi. Tikudziwa. Sitikukupemphani simenti. Koma ndinu nokha amene munabwera kudzatiuza kuti dokotala wabwino samangolemba mankhwala, amayankhulira anthu ake. Munatero m'kalasi lija, choko chili m'manja. Ife mbali yathu yoyankhula tayankhula, ndipo mabala ake tili nawo. Njerwa za chidikiro chatsopano tinaumba, tinawotcha, zakhala mvula zitatu mpaka zina zamera ndere. Mchenga tinatuta. Kumisonkhano ya chitukuko sitijomba, ngakhale kulibe alawansi.

Choncho tagwirizana motere. Ana anu abwere, nyumba tasesa kale, nkhuni tatola, ndipo palibe amene adzawayang'ane ndi diso loipa. Alowe m'chipatala, athandize anamwino, aphunzire. Koma fomu ina iliyonse yatsopano sitidinda mpaka mmodzi wa inu akuluakulu, osati ophunzira, atabwera kudzakhala nafe pansi pa mtengo wa mangowu ndi mayankho a mafomu akale, m'Chichewa, n'kutisiyira pepala. Tikufunanso kuti pamsonkhano wa khonsolo wokambirana ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa mudzakhale pambali pa amayi apampando athu, iwo ayankhule za mlatho, za sola ndi za mafuta a ambulansi, inu muikire umboni ndi manambala amene munatenga m'nyumba zathu. Ndipo mutipatse dzina la ofesi imodzi kusukulu kwanuko imene sisintha gulu la ophunzira likasintha, yoti tikalemba kalata yodandaula kuboma, ina tizitumiza kumeneko, kuti wofuna kutilanga adziwe kuti pali maso ena akuona.

Mukamabwera musadzere njira ya kumunsi, galimoto siwoloka. Dzerani ya kumtunda, yodutsa pachigayo, ndipo mufike mvula isanayambe, chifukwa ikangogwa kawiri nayonso imavuta mpaka April. Mukafika pamtsinje mudzaime pang'ono, tidzakuonetseni pamchenga paja.

Ife anu,
A komiti ya chipatala, nyakwawa za midzi yozungulira, amayi a uchembere wabwino ndi nthumwi za asodzi.